Misoti Itatu ya a Lorenso

Teresa anakwatiwa ndi ngolo. Ndi mmene anzake a ku Chapananga ankamusekera, ndipo sankanama kwenikweni, pakuti tsiku limene anawaona koyamba a Lorenso n'kuti atabwera ndi ngolo kudzanyamula thonje la bambo ake. Munthuyo sanalankhule naye ngakhale liwu limodzi. Analankhula ndi ng'ombe zake basi, kuzinyengerera kuti zibwerere m'mbuyo mpaka pakhomo la nkhokwe, ndipo Teresa anaganiza mumtima kuti mwamuna amene amati "pepani" kwa ng'ombe sangamenye mkazi.

A Lorenso anali Msena wa kutsidya kwa malire. Anathawa nkhondo ya ku Mozambiki mu 1986, dzanja lina atagwira chingwe cha ng'ombe, dzanja lina atagwira mng'ono wawo Hilario, amene nthawi imeneyo anali kamnyamata ka mamina. Teresa anali Mmang'anja, wa kumene mwamuna amabwera kudzamanga nyumba kwa mkazi. Koma a Lorenso analowola mwa chikwawo, nam'tenga Teresa kupita naye pamalo amene anapatsidwa, kutsidya kwa mtsinje wa Mwanza. Mayi ake a Teresa sanakondwere nazo.

"Mwana wanga," anatero, "kwa anthu olowola mkazi ndi mlendo. Mwamuna akafa, khola ndi munda zimapita kwa abale ake. Iwe umatuluka ndi mphika wako, pokhapokha ukhale utawabalira mwana wamwamuna."

Teresa anaseka. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo pa msinkhu umenewo ndani amaganiza kuti mwana angakanike kubwera?

Mwana sanabwere. Anapita kuchipatala, anamwa mizu yowawa ya asing'anga atatu, anagwada m'tchalitchi mpaka mawondo kuchita zikang'a, koma ayi ndithu. Anzake onse anasanduka make uje, make uje, iye anakhalabe Teresa mpaka imvi. Abale a mwamuna anayamba kunong'ona, kenaka anasiya kunong'ona n'kumalankhula poyera kuti a Lorenso atenge mkazi wachiwiri. Tsiku lina pamaliro, akuluakulu atawapanikiza, a Lorenso anayankha akukanda chibwano.

"Goli langa ndi la ng'ombe ziwiri. Yachitatu ndikaimanga pati?"

Anthu anaseka, nkhani inathera pomwepo. Teresa atamva yankho limeneli anapita kuseri kwa nyumba n'kukalira yekha, chifukwa chowakonda munthuyo ndi chifukwa cha manyazi kuti analibe chowabwezera.

Anagwira ntchito anthu awiriwa, simungawanene. Ngolo ija inanyamula thonje, mapira, njerwa, odwala opita kuchipatala ndi maliro obwerako. Teresa ankalima, kuweta mbuzi, ndi kugulitsa masau ouma pamsika. Khola linakula. Ana a Hilario anakulira pakhomo pomwepo, akudya kwa Teresa masana, kwa mayi awo madzulo, monga achitira ana ochenjera.

Ndiye kunabwera nkhani ya misoti. Chaka chotsatira njala ya 2002, a Lorenso anadzuka m'mamawa, nasankha msoti wabwino kuposa yonse m'khola, n'kuchoka nawo. Anabwera patapita masiku awiri ali ndi chingwe chokha paphewa.

"Ng'ombe ija ili kuti, bambo?"

"Ndakaikiza."

Kuikiza si chinthu chachilendo kuchigwa kuno. Munthu wanzeru sasunga ng'ombe zake zonse m'khola limodzi, kuopa akuba ndi matenda. Amatenga ina n'kukaisiya kwa mnzake wokhulupirika. Wosungayo amadya mkaka, amatenga ndowe za kumunda, ndipo ng'ombeyo ikaswa katatu, mwana wachitatu ndi wake. Zonsezi Teresa ankazidziwa. Koma ankadziwanso kuti mwamuna akaikiza amanena kuti kwa auje, kumudzi wakuti. A Lorenso sananene. Atawafunsa kachiwiri anangoti, "Ili pabwino, mayi," n'kupempha madzi osamba.

Patapita zaka zisanu ndi ziwiri unachokanso msoti wina. Patapita zina zisanu ndi chimodzi, wachitatu. Ndipo chaka chilichonse, akamaliza kukolola mapira, a Lorenso ankamanga shuga, mchere ndi sopo pakaliyala wa njinga, n'kusowa masiku atatu kapena anayi.

Amayi a pamjigo sagona. Chaka cha msoti woyamba chomwecho, mmodzi anamuyang'ana Teresa ndi diso la chisoni chonamizira, nati, "Anzathu, ng'ombe yanji imene imamwa tiyi ndi kusamba ndi sopo?"

Teresa anasenza ndowa yake n'kumapita. Koma mawuwo anamulowa, ndipo pofika pakhomo n'kuti atamaliza kale kuwerengera. Msoti uja ndi malowolo. Shuga ndi sopo ndi za mkazi. Kwinakwake kuli mwana, mwina ana, amene amawatcha a Lorenso kuti bambo. Zinamupweteka kwambiri, kupweteka kwa tsiku ndi tsiku kumene sikuchititsa munthu kukuwa. Koma anadzifunsa kuti iye amene analephera kubala angamufunse bwanji mwamuna amene anamutchinjiriza pamaso pa anthu. Choncho anatseka pakamwa. Ulendo uja ukafika, ankawakazingira mtedza ndi chimanga za panjira, n'kuwapopera njinga. Anachita zimenezi zaka makumi awiri, ndipo ine wokamba nkhaniyi sindidziwa ngati ndimutame kapena ndimukalipire.

Kuiwala kunayamba pang'onopang'ono. Tsiku lina a Lorenso anasenza goli mpaka kumunda, ng'ombe atazisiya m'khola. Tsiku lina anamutcha Hilario dzina la bambo awo amene anamwalira kalekale. Anakalipa kuti ngolo yabedwa, pamene anali ataipereka okha kwa Duncan, mwana woyamba wa Hilario. Kuchipatala anawayeza n'kunena kuti ndi matenda a ukalamba, mutu uzinka nutha, mankhwala ake palibe. Masiku ena ankadzuka ali bwinobwino, akuseka ndi kukumbukira mayina a ng'ombe zimene zinafa zaka makumi atatu zapitazo. Masiku ena ankangokhala pakhonde akuyang'ana manja awo.

Hilario ndi ana ake anatenga ubusa wa khola la pakhomo, ndipo posakhalitsa Teresa anayamba kumva mawu akuti "ng'ombe zathu". Hilario sanali munthu woipa. Ankatsata zimene anazipeza. Koma tsiku lina atakhala pampando anati, "Alamu, musadandaule, ife sitidzakuthamangitsani," ndipo Teresa anachita mantha, chifukwa iye sanafunse za kuthamangitsidwa. Makolo ake anali atamwalira, munda wa kwawo abale anagawana kale. A Lorenso akapita, iye akapita kuti, ndi chiyani?

M'mwezi wa Okutobala, kutentha kutafika poti nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, a Lorenso anadzuka ndi maso owala.

"Mayi, khalani pansi. Mutu wangawu ukutha, ndikuumva. Pali makomo atatu amene muyenera kuwadziwa ine ndisanapite."

"Musalaule, bambo! Mukupita kuti? Nkhani za imfa m'mawa uno?"

"Ndi mmene mumayankhira nthawi zonse. Lero nkhabe, simundiletsa. Mawa tibwereke ngolo kwa Duncan."

Teresa anadziwa kuti tsiku lija lafika. Akukamuonetsa mkazi mnzake ndi ana, eni ake enieni a chuma. Analowa m'nyumba. Kenaka anatulutsa chitenje chatsopano chimene ankasungira Khirisimasi, nachikulunga bwino, n'kugwira thadzi lonenepa. Sangakalowe pakhomo la mayi wa ana a mwamuna wake chimanjamanja ngati munthu wopanda mwambo.

Ananyamuka kusanatenthe, Teresa atagwira zingwe, a Lorenso akuloza njira. Anawoloka mchenga wa Mwanza, nadutsa m'malambe ndi m'minda youma, fumbi likuwalowa m'mano. Dzuwa litapendeka anafika pamudzi wina waung'ono, pakhomo la nkhalamba yotchedwa Fanizo, mnzawo wa a Lorenso wa masiku a ngolo. Teresa anatsika, thadzi lili kukhwapa, maso akufufuza mkazi. Anangoona mkazi wa a Fanizo, gogo wopanda mano amene ankasenda nandolo.

"Muli tani, a Fanizo?" anatero a Lorenso, akupereka moni wa Chisena.

"Pyadidi, pyadidi. Koma awa ndi ndani? Musandiuze! Ndi mayi Teresa amenewa?" A Fanizo anawomba m'manja n'kuitana anansi. "Bwerani mudzaone! Mwini wake wa ng'ombe wafika lero!"

Teresa anacheuka kuti aone mwini ng'ombeyo. Kumbuyo kwake kunalibe munthu.

Anamutengera kukhola, ng'ombe zitangobwera kumene kubusa. A Fanizo anayamba kuloza ndi ndodo. Iyi, iyo, yofiira ija ndi mwana wake, nkhunzi ija, mpaka zisanu ndi zinayi.

"Msoti uja unafa ndi ukalamba, koma izi ndi zidzukulu zake. Zanga ndinapatula kale, zili uko. Mayi, tsiku limene amuna anu anabwera nawo, anaitanitsa nyakwawa wa mudzi uno ndi amuna ena awiri, mmodzi ndi uyu waima apayu. Ananena kuti, 'Msoti uwu ndi wa Teresa, mkazi wanga. Ine ndangotumidwa. Ndikadzafa, wachibale wanga aliyense akadzabwera, mudzamuuze kuti Lorenso analibe ng'ombe pano.' Ndi mawu amene tinalandira, ndipo ndi amene tasunga."

Teresa anakhala pansi pomwepo, pafumbi la pakhola. Thadzi linalira chifukwa analifinya. A Lorenso anagwada pambali pake movutikira.

"Bwanji simunandiuze?" anafunsa Teresa.

"Ndikanakuuzani bwanji? Ndikangoyamba mumati ndikulaula. Komanso ndimakudziwani, mayi. Hilario akanabwera kudzalira za fizi ya mwana, inu mukanati tengani ng'ombe. Chaka cha njala mukanagulitsa kuti mudyetse mudzi wonse. Ndinabisira abale anga, koma ndinabisiranso dzanja lanulo." Anayang'ana thadzi lija ndi kamtolo ka chitenje. "Nanga izi mwatengera ndani?"

Teresa anayesa kunama, koma bodza linakana.

"Ndatengera mkazi mnzanga. Ndimayesa misoti ija munakalowolera mkazi wokubalirani ana."

A Lorenso anaseka mpaka kutsokomola, a Fanizo nawonso, gogo uja mpaka nandolo kutayika. Koma kuseka kwa a Lorenso kunazima msanga. Anamuyang'ana mkazi wawo nthawi yaitali.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira msoti woyamba."

"Zaka zonsezi? Ndipo munkandikazingira mtedza wa panjira?"

"Nanga mukanayenda ndi njala?"

Nkhalambayo inagwira kumaso ndi manja onse awiri. "Ndimayesa ndikukusungirani chuma, pamene ndikukudyetsani minga. Pepani, mayi. Pepani ndithu."

Teresa anafuna kuwakalipira, ndipo anali ndi zifukwa zokwanira zaka makumi awiri. Koma anangowachotsa manja kumaso n'kuwapukuta ndi nsonga ya chitenje chake, anthu onse akuona. Thadzi lija linadyedwa tsiku lomwelo, ndipo chitenje anavala mkazi wa a Fanizo.

M'mawa mwake anapitirira kwa mayi Jesinta, amene amuna awo, a Pius, ndi amene analandira msoti wachiwiri asanamwalire. Mayiwo sanadikire kufunsidwa. Anati amuna awo anawasiyira mawu ali pamphasa ya imfa, kuti ng'ombe za khutu lodulidwa kumanzere ndi za mayi wina dzina lake Teresa, asadzazisakanize ndi za ana. Zinali zisanu. Teresa anazigwira pamphumi imodziimodzi, nati, "Takhuta," mwa chilankhulo cha amuna ake, chifukwa zikomo yekha anamuchepera.

Atachoka pamenepo anafika pamphambano, pansi pa mtengo wa msangu. Teresa anaimitsa ngolo.

"Tilowere kuti, bambo?"

A Lorenso anayang'ana kumanja, nayang'ana kumanzere. Milomo inkagwedezeka. Anatsika, nayenda pang'ono njira ina, n'kubwerera. Kenaka anamufunsa Teresa mwaulemu, "Kodi tikupita kuti?"

Anadikira pamthunzi mpaka dzuwa kupendeka, koma khomo lachitatu silinabwere. A Fanizo sankalidziwa, mayi Jesinta sankalidziwa, pakuti munthuyo anabisa mwaluso mopitirira muyeso. Anabwerera kwawo.

Nkhani inamufika Hilario ngolo isanamasulidwe n'komwe. Anakwera njinga mpaka kwa a Fanizo, ndipo anabwerako nkhope ili gwa, atauzidwa mawu omwe aja pamaso pa mboni. "Achimwene anatibisira ngati ndife akuba," anadandaula. Mwamwayi Lamulungu lotsatira a Lorenso anadzuka mutu uli bwino. Anaitanitsa akuluakulu awiri a tchalitchi ndi mayi Veronika, mphunzitsi wa pasukulu ya pafupi, kuti alembe zimene anene.

"Hilario, ndinakugwira dzanja powoloka malire, sindingakutche wakuba. Khola la pano ndi lako ndi ana ako, ngolo ndi ya Duncan. Nyumba iyi ndi munda wa kuseri ndi za alamu ako mpaka tsiku lawo. Ng'ombe zoikiza sindingakugawire chifukwa si zanga. Wamva?"

Hilario anati wamva. A Lorenso anadinda chala papepala, mboni zinasaina. Hilario sanapite akuseka, koma mawa lake anatumiza Duncan kudzakonza denga la khitchini ya Teresa.

Chimene chinatsala ndi khomo lachitatu lija, ndipo linawazunza a Lorenso kuposa matenda. Zina zonse zinkafufutika, koma ichi chokha chinakanirira. Ankamugwira Teresa pamkono n'kunena kuti, "Zinali zitatu. Ndakutayirani ng'ombe zanu, mayi." Iye ankawauza kuti ziwiri zakwana, kuti sanagonepo ndi njala pakhomo pawo, koma iwo ankalira ngati mwana amene wataya ndalama ya kuchigayo. Teresa anafunsa m'misika ndi m'matchalitchi, osati chifukwa cha ng'ombezo, koma kuti munthuyo apume. Palibe amene ankadziwa.

Mvula inagwa, mapira anamera, nakula, nacha. Pofika nthawi yokolola a Lorenso anali atasiya kufunsa za khomo lachitatu. Anasiyanso kumutchula Teresa dzina. Ankamulandira ndi ulemu wonse akabwera ndi phala, n'kumuthokoza monga muthokozera mayi wachifundo wa pamudzi wa eni.

Tsiku lina masana, Teresa akupuntha mapira pabwalo, anamva ziboda. Mwamuna wamtali, wovala chipewa chakutha, ankalowa pakhomo akukusa ng'ombe zinayi, miyendo yake yoyera ndi fumbi la ulendo wautali. Anavula chipewa.

"Ndi pano pa a Lorenso? Ine ndine Sebastiano, ndachokera kufupi ndi malire. Ndinamva kumsika wa ng'ombe kuti akudwala, ndipo kuti mayi akufunafuna khola lina. Chaka chatha sanabwere, chaka chinonso ayi, ndiye ndinati pali chimene chachitika." Anapukuta thukuta. "Anthu ena anandiuza kuti ndingokhala chete, mwini wake waiwala. Koma iwo ndi amene aiwala, ine sindinaiwale. Mayi Teresa ndinu?"

"Ndine."

"Ndiye landirani zanu. Ndabwera nazo kuti muzione ndi maso. Mukafuna ndibwerera nazo kukasungabe, mukafuna zitsala."

Teresa anaika pansi ndodo yopunthira. Anamupatsa mlendoyo mpando ndi madzi, n'kupita pakhonde pamene a Lorenso anakhala. Anawadzutsa, nawagwira pamkono mpaka pabwalo. Sebastiano anawapatsa moni, koma iwo sanamuzindikire. Maso awo anali pa ng'ombe. Anayandikira yaikulu, naisisita pamsana, naigwira m'nthiti, n'kuitsegula kukamwa kuona mano, manja akuchita okha zimene anazolowera.

"Zosamalika bwino," anatero. Anatembenukira kwa Teresa. "Kodi mayi, ng'ombe zokongolazi ndi za yani?"

Teresa anawagwiranso pamkono.

"Ndi zanga, bambo. Anandisungira amuna anga. Anaikiza m'makomo atatu, ndipo lero zonse zapezeka."

"Zonse?"

"Zonse. Palibe imene yatayika."

A Lorenso anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nkhope yawo itamasuka monga Teresa anali asanaionere miyezi yambiri.

"Ameneyo ndiye mwamuna," anatero. "Ankakukondani, mayi."

"Ankandikonda," anayankha Teresa, atawagwirabe pamkono. "Ndipo ine ndikuwakondabe."